Kompyuta Imene Anati Yatsata Mwini Wake

Linali Lachiwiri, 4 koloko madzulo, ndili pampopi kutsuka mbale, pamene foni inalira. Anali mnzawo wa amuna anga wa kufakitale. Anati bambo agwa akukweza makatoni m'lole, ndipo pamene amafika nawo kuchipatala n'kuti atapita kale. Ndinafunsa kuti apita kuti. Ndinangomva makina akulira kumbuyo kwake.

Ife Asilamu sitisunga maliro. Panalibe zodikira ndege kapena galimoto yopita ku Mangochi. Mawa lake masana amuna anga anagona m'dothi la ku Springs, ku Joni konkuno, amayi awo kumudzi osaona ngakhale nkhope.

Tinkakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachizulu, amene aliyense pabwalopo amangowatcha Mama. Ndikukhalabe momwemo. Chipindacho n'chaching'ono, bedi ndi firiji zinkayang'anizana ngati zikufuna kumenyana. Tsono kwathu maliro akagwa katundu amatuluka m'nyumba, kuti amayi apeze poyala mphasa ndi kukhala ndi namfedwa. Mwambo umenewu tinabwera nawo ku Joni. Tsiku lomwelo abale a kumzikiti anafika n'kuyamba kunyamula. Bedi, firiji, tebulo, zonse anakaunjika m'galaja ya Mama. Kompyuta nayo anaizula zingwe ngati akuzula chinangwa. Ndili pansi nditafunda kumutu, ndinamva chinthu chikugunda pafelemu la chitseko, wina n'kunena kuti, "Pepa," ngati akupepesa munthu.

Kompyuta imeneyo si yoti munthu angaitamande. Ndi chibokosi chakuda chakale, chochokera m'maofesi a ku Kempton Park, chimene amuna anga anagula kwa mnzawo wokonza mafoni ndi makompyuta. Koma inali munda wathu wachiwiri. Munali nyimbo za kwathu, makaswida achisilamu, maulaliki a mashehe ndi a abusa omwe, ndiponso mafilimu aja omasuliridwa m'Chichewa. Alonda, amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu, amisiri omanga, onse ankabwera ndi timakhadi ta m'foni ndi mafulashi kuti tiwaikiremo. Data ndi yodula, ndipo munthu wochezera pageti amafuna mawu a kwawo m'khutu. Bambo akakhala kuntchito, ndine ndinkathandiza anthuwo. Sukulu ndinalekera Sitandade 4, koma anandiphunzitsa kuti nyimbo imakokedwa kuchokera uku n'kukaponyedwa uko, ndipo dzanja langa linazolowera. Chimene sanandiphunzitse ndi choti ndichite chinthucho chikakana kuyaka. Zikatero ankangoti, "Tapitani mukaphike, ndithana nayo."

Maliro atatha ndinalowa eda. Mkazi wachisilamu akaferedwa mwamuna amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, osadzola, osavala zokongola, osayendayenda. Amayi akuluakulu a kumzikiti anandilangiza mwamphamvu. Mwamuna amene si mbale wako wamagazi asalowe m'chipinda uli wekha, asakukhudze, ndipo katundu wa malemu usamusokoneze mpaka arobaini, sadaka ya tsiku la makumi anayi, pamene abale amagawa zinthu. Ndinavomera zonse. Amuna anga anali munthu wabwino, ndipo eda ndinaigwira ndi mtima wonse.

Katundu atabwerera m'chipinda, kunabwera alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, pamodzi ndi akazi awo. Iwo ndi amene anathamangathamanga pa maliro onse, sindingawanamizire. Analumikiza zingwe za kompyuta n'kudina batani. Zii. Anadinanso, anaimenya pambali ndi chikhatho, anaigwedeza. Zii.

"Yatsata mwini wake iyi," anatero.

Akazi awo anavomereza. "Zimachitika. Kwathu wailesi ya malume inangoti zii tsiku lomwe anamwalira."

Kenako alamu anakhala pakhomo n'kundiuza zimene anali atakonza kale. Arobaini ikatha katundu apita kumudzi pa lole ya transipota, wonyamula katundu wa anthu kupita kwathu, amayi awo akaone thukuta la mwana wawo. Eda ikatha ine ndikwera basi ya kumudzi.

"Mkazi wopanda mwamuna atsalira chiyani ku Joni, alamu? Kuno si kosewera."

"Ndili ndi mwana ku sekondale kumudzi," ndinatero. "Ndikakhala naye pansi tonse, adzaphunzira ndi chiyani? Ine ndipitiriza ntchito ya nyimbo."

"Ndi chiyani? Ndi mtembo uwu?"

Akazi awo anawatsina pamkono. M'nyumba ya maliro mawu amenewo sanena.

"Ngati ndi mtembo, mundisiyire," ndinatero.

"Khalani nacho. Transipota amayeza kulemera, sindingakweze chitsulo chakufa."

Mama anali panja akuyanika zovala. Chichewa samva, koma ndinawaitana n'kuwafotokozera m'Chizulu changa chothyokathyoka, alamu ali pomwepo, kuti pakhale mboni. Alamu anangoseka. "Mpaka mboni?"

Atapita ndinakhala masiku ndikuchiyang'ana chibokosicho. Pa eda nthawi ndi yambiri. Umasesa posesa kale, umapinda zovala zopinda kale. Malangizo aja ankati katundu wa malemu usamukhudze, koma ndinaganiza kuti ichi tsopano si cha malemu, andipatsa pamaso pa anthu. Zoti chitsulo chingalire maliro mpaka kufa sindinakhulupirire. Nanga firiji bwanji sinatsate mwini wake? Nayonso anagula ndi iwo, ndipo inali apo ikung'ung'udza ngati kale.

Ndinayambira pakhoma. Ndinazula pulagi ya kompyuta n'kulowetsapo ya ketulo. Madzi anawira. Ndiye kuti khoma linalibe mlandu. Ndinayesa mabowo onse a ekisitenshoni, onse anali ndi moto. Ndinatembenuza chibokosicho n'kumazula chingwe chilichonse, kuchiuzira, n'kuchibwezera pomwe ndachichotsa. Ndinkazula chimodzi chimodzi, kuopa kuiwala malo ake. Kumbuyo kunali kaswitchi kakang'ono, ndinakadina uku, n'kudina batani lakutsogolo, zii. Ndinakabwezera uko, zii.

Pomaliza ndinazula chingwe chakuda chonenepa chija chobweretsa magetsi. Kumutu kwake kunali kofiirira, pulasitiki atakwinyika, ndipo ndikanunkhiza kunkamveka ngati tayala lopsa. Ndinawaonetsa Mama pawindo.

"Hawu, sisi!" anatero akuomba m'manja. "Chimenechi si chija anatenga azimayi a kumzikiti kwanu? Chiketulo chachikulu chimene anabwereka chinabwera chopanda chingwe. Anapita m'galaja n'kupeza ichi. Tiyi yense wa maliro anawira ndi chimenechi, m'mawa mpaka madzulo."

Ndinaseka koyamba chimwalirireni amuna anga. Tiyi uja nanenso ndinamwa.

Nditayang'ana ketulo yanga, ndinaona kuti chingwe chake chili ndi kamwa yofanana ndi chopsacho, mabowo atatu. Mantha anandigwira. Bwanji nditalowetsa n'kuphulitsa nyumba ya eni ake? Ndinachotsa nsalu zonse pafupi, ndinati Bismillah, ndinalowetsa, n'kudina batani nditaima patali, mkono wokha utatambasuka.

Kagetsi kobiriwira kanayaka. M'kati munamveka fani ikuzungulira. Kenako chinthucho chinayamba kulira, tiii, tiii, tiii, osalekeza, sikirini ili bii. Ndinadzidzimuka mpaka ndinazula pulagi. Ndinakhala pabedi. Koma ndinadziuza kuti ngati ikulira ndiye kuti sinafe, ikudwala chabe.

Ndinaimbira mnzawo wa malemu uja, wokonza mafoni. Ndi Mkhristu wa ku Thyolo, wokonda nthabwala, ndipo ali ndi kashopu pafupi ndi renki ya matekisi m'tauni. Anabwera Lamlungu pochokera ku tchalitchi, atavala suti, sikuludiraiva ali m'thumba la jekete. Anagogoda n'kuyamba kuvula nsapato.

"Musalowe, achimwene," ndinatero ndili kuseri kwa chitseko. "Ndili pa eda."

"Ndiye ndiichiza bwanji, achemwali? Ndi pemphero?"

"Muzindiuza, ine ndizichita."

"Ingonditulutsirani, ndipite nayo kushopu. Lachitatu mwailandira."

Ndinakana. Kunyamulanyamula n'kumene kunaipweteka. Komanso ndinkadziwa kuti chinthu chikatuluka m'nyumba ya namfedwa sichibwerera. Alamu akanangodutsa kushopuko n'kunena kuti abwera kudzatenga katundu wa achimwene awo, ndani akanawakaniza?

Bamboyo anausa moyo. Mama anamupatsa kreti ya zakumwa, anakhala pansi pa windo, ine m'kati katani ili pakati pathu. Mama analowa kudzandiunikira ndi tochi.

"Tayatsani ndimve."

Ndinayatsa. Tiii, tiii, tiii.

"Eya. Imeneyo ndi ramu. Anaigwetsa?"

"Anaigunditsa pachitseko."

"Anthu a Mulungu! Zimitsani, muzule chingwe pakhoma. Mwazula? Musandinamize, sindikufuna maliro awiri. Tsopano dinani batani muligwire kanthawi, moto wotsalira utuluke."

Anandiponyera sikuludiraiva pawindo. Anati kumbuyo kuli masikuluwu awiri ogwira chitseko cha m'mbali. Loyamba linatuluka bwino. Lachiwiri linali lodyeka mutu, sikuludiraiva ankangoterereka. Ndinatenga mpeni wosendera mbatata n'kulipotokola ndi nsonga mpaka linagonja. Chitsekocho chinakana kutuluka. Ndinakoka, Mama anakoka, osatheka.

"Musakoke ngati chitseko cha nyumba! Chitsetseretseni chakumbuyo."

Chinatseguka. Fumbi limene linali m'menemo, munthu akanadzala mpiru. Munalinso mphemvu ziwiri zouma. Mama analavula kumbali n'kunena mawu amene sindingalembe.

"Mukuona chiyani?" anafunsa wokonza uja.

"Zingwe. Fani. Chibolodi chobiriwira chokhala ndi tinyumba ngati lokeshoni."

"Tajambulani ndi foni iyi ndione."

Anandipatsira foni yake pansi pa katani. Ndinajambula n'kubweza. Anaseka mpaka kreti inalira.

"Chala chanu ndachiona, achemwali, n'chathanzi ndithu. Khoma nalo ndaliona. Kompyuta ndiye palibe. Basi, tisiye za zithunzi. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo ndi manja onse, kuti magetsi a m'thupi mwanu atuluke."

"Ine ndili ndi magetsi?"

"Akazi nonse muli nawo. Gwirani."

Ndinagwira. Kenako anati ndiyang'ane pafupi ndi fani, ndipeza timatabwa tiwiri titalitali, toima chammbali, togwiridwa ndi timano toyera uku ndi uku.

"Tooneka ngati zipeso?"

"Zipeso zimenezo. Imeneyo ndiye ramu. Popanda iyo kompyuta siikumbukira ngakhale kuti ndi kompyuta."

Chipeso chimodzi chinali chitapendekeka, mbali ina itatukuka. Ndinamuuza. Anati nditsegule timano toyerato, nditulutse zonse ziwiri, ndizigwira m'mphepete mokha ngati chithunzi. Anati mano ake agolide ndiwapukute ndi labala. M'nyumba mwanga munalibe labala. Mama anapita kwawo n'kubwera ndi pensulo yokhala ndi kalabala kumapeto. Ndinapukuta pang'onopang'ono, ndinauzira m'mipata muja, fumbi n'kundilowa m'maso.

Pobwezera ndiye panavuta. Ndinkakankha, chipeso osalowa.

"Chili ndi kampata pakati pa mano," anatero. "Kampatako sikali pakatikati. Mukaona chikukana, mwachitembenuza."

Ndinali nditachitembenuzadi. Ndinachikonza, koma ndinkaopa kukanikiza.

"Chithyoka, achimwene."

"Sichithyoka. Kanikizani ngati mukukanda mandasi, mpaka timano titseke tokha."

Ndinakanikiza ndi zala zazikulu zonse ziwiri. Tha! Mbali ina. Tha! Chachiwiri chimodzimodzi. Chala chinachekeka pachitsulo, ndinachiyamwa n'kupitiriza. Ndinalowetsa chingwe cha ketulo, ndinadina batani.

Tiii, tiii, tiii.

Mama anazimitsa tochi.

"Musataye mtima," anatero bamboyo, nthabwala zitamuthera. "Mwina chipeso chimodzi chinafa pogunda paja, mwina ndi mpata wake. Tiyesa chimodzi chimodzi. Zulani chingwe."

Ndisanazule, fani inaima yokha. Firiji nayo inaleka kung'ung'udza. Magetsi anali atazima dera lonse, monga amachitira kuno, ndipo sakanabwera mpaka madzulo. Wokonza uja sakanadikira, matekisi a Lamlungu amatha msanga. Anaimirira n'kukunkumula suti.

"Mvetserani bwino. Zipeso ziwiri, mipata iwiri. Muziika chimodzi chokha, n'kuyatsa. Ikalira, zimitsani, zulani chingwe, musinthe. Mukamva kulira kamodzi kokha, kwakufupi, ndiye kuti yadzuka. Zikakanika zonse, ndiye kuti ndi chibolodi chija, ndipo pamenepo ngakhale ine ndilibe mawu. Sikuludiraiva khalani naye."

Lolemba m'mawa Mama anapita ku kiliniki, pabwalo panalibe munthu. Nditaswali ndinayala chitenje pansi n'kugoneka chibokosicho. Kuti ndisasokoneze zipeso, chimodzi ndinachiika pa sosala, china pa chivindikiro cha poto. Ndinayamba ndi cha pa sosala, mpata woyamba. Inalira. Ndinazula chingwe, ndinagwira chitsulo, ndinachisamutsira mpata wachiwiri. Inalira. Ndinatenga cha pa chivindikiro, mpata woyamba. Inaliranso.

Pamenepo ndinakhala pansi n'kutambasula miyendo. Ndinaona basi ija m'maganizo, ine ndili pawindo, chikwama pamiyendo, anthu kumudzi akuti wabwera uja anapita ku Joni, wabwera chimanjamanja. Ndinayamba kuwakalipira amuna anga mokweza, ngati ali pabedi pomwepo. Ndinati munkandithamangitsira kukaphika, lero ndi izi, nditani nazo mbale zanuzo? Ndinalira kulira kumene sindinalire pamaso pa anthu. Nditatha ndinasamba kumaso, chifukwa kunali kutatsala kuyesa kumodzi.

Chipeso cha pa chivindikiro, mpata wachiwiri. Ndinakanikiza mpaka timano tinatseka. Ndinalowetsa chingwe. Ndinadina.

Ti.

Kamodzi kokha. Sikirini inaphethira, panabwera zilembo zoyera za Chingerezi zimene sindinazimve, kenako inakhala nthawi yaitali ikuganiza. Ine chilili, manja m'mwamba, kuopa kukhudza chilichonse. Pomaliza panatuluka chithunzi chimene amuna anga anaika pamenepo kalekale, lole yoyera ya matani atatu imene ankati adzagula tikadzabwerera kumudzi. Pansi pake timafoda tachikasu tonse tinali m'malo mwake.

Tiyi sindinamwe tsiku limenelo, chifukwa chingwe chinali chimodzi. Sindinadandaule.

Inkayenda pang'onopang'ono ndi chipeso chimodzi, ngati munthu wochira kumene, koma inkagwira ntchito. Mlonda wina wa mumsewu mwathu anamva kaswida ikutuluka pawindo n'kugogoda. Ndinamuuza kuti aike khadi lake pawindo, abwere madzulo. Anauza anzake. Sabata isanathe timakhadi tinkafika m'mapepala okulungakulunga, aliyense atanena zimene akufuna kudzera kwa Mama kapena pakatani. Panja sindinaponde, mwamuna sanalowe. Mayi wamkulu amene anandilangiza za eda uja anabwera kudzaona ngati zimene akumva n'zoona. Anayang'ana kompyuta, anayang'ana ine, anati, "Mwana iwe uli ndi mutu wouma." Potuluka anasiya foni yake kuti ndimuikiremo ulaliki.

Nkhani inafika ku Kempton Park, kumene amakhala alamu. Alamu anaimba foni.

"Ndamva kuti yadzuka."

"Yadzuka."

"Alhamdulillah. Ndiye muisamale, ikwera nawo lole."

Anadula ndisanayankhe. Ndinawauza Mama. Iwo anati nkhani yake ndi yosavuta. "Chotsa kachipeso kako, ubise m'bra. Akabwera aipeza ikulira ngati kale, aisiya. Akapita ubwezere."

Nzeruyo inali yabwino, ndipo ndinagona nayo masiku angapo. Koma inkandinyansa. Sindinabe kanthu. Anandipatsa chinthu chakufa, ndinachekeka chala pochidzutsa, ndiye ndichiphenso ndi manja anga omwewa n'kumanamizira kuti sindidziwa kanthu? Ndiponso anthu onse anali ataimva ikuimba. Ndinati ayi, aipeze ili moyo, tikambirane ili moyo.

Tsiku la arobaini katundu anatulukanso kuti amayi apeze pokhala, koma ulendo uno anatuluka osadzabwerera. Abale atafika pa kompyuta ndinati imeneyo isiyeni, ndipo anaisiya pakona. Mpunga unaphikidwa m'galaja ya Mama, ashehe anawerenga pemphero la dua, anthu anadya. Masana lole ya transipota inaima pageti, itadzaza kale ndi katundu wa anthu ena, mafiriji, matilesi, njinga. Anakweza bedi lathu, firiji, tebulo, masutikesi a zovala za malemu. Sindinawaletse. Amayi awo anali ndi ufulu wogwira malaya a mwana wawo n'kulira.

Kenako alamu anaima pakhomo ndi amuna awiri kumbuyo kwawo. M'chipinda munali amayi okhaokha, titakhala pamphasa.

"Alamu, tabwerera kompyuta."

"Munandipatsa."

"Ndinakupatsani yakufa."

"Ndiye moyowu mwauikamo ndinu?"

Amayi ena anabisa nkhope m'mipango. Alamu sanaseke. Anatulutsa foni n'kuigwedeza m'mwamba.

"Mayi akuimba foni m'mawa ndi madzulo. Mudzi wonse ukudziwa kuti mwana wawo anali ndi kompyuta ku Joni. Mtembo sanauone. Lole ikafika yopanda kompyuta adzati ndadya ndine. Mukufuna ndikawauze chiyani?"

Maso awo anali ofiira, ndipo ndinawamvera chisoni. Koma ndinati, "Mukawauze kuti ili ndi mpongozi wawo, ikuphunzitsa mdzukulu wawo. Kumudzi kulibe magetsi, alamu. Ikakhala pakona ataiphimba nsalu mpaka makoswe adye zingwe."

"Zimenezo si zanu. Tatengani," anauza amuna aja.

Sindinakonzekere zimene ndinachita. Ndinangoona ndaimirira. Ndinazula zingwe kumbuyo, ndinagoneka chibokosicho chammbali, ndinakonza chitenje changa, n'kukhalapo.

Alamu anandiloza ndi foni ija.

"Alamu, dzukani."

"Sindidzuka."

"Musatichititse manyazi pamaso pa anthu."

"Nyamulani. Koma munyamule ndi ine ndemwe."

Amuna awiri aja anayang'anizana. Onse anali a kumzikiti, onse ankadziwa kuti mkazi wa pa eda sakhudzidwa. Wina anabwerera m'mbuyo mpaka anaponda nsapato za anthu pakhomo. Alamu anatembenukira kwa akazi awo. "Tamudzutsani mnzanuyo." Akazi awo anayang'ana mayi wamkulu uja. Mayi wamkuluyo anali akutola mpunga umene unagwera pamphasa, kambewu kamodzi kamodzi, ndipo sanadzutse mutu.

"Ine ndinamulangiza kuti akhale pansi m'nyumba mwake," anatero. "Wakhala."

Mama anali atafika pawindo. Anayamba kulankhula Chizulu chothamanga, chala chikuloza alamu, kuti iwo analipo, anamva ndi makutu awo, ndipo pabwalo pawo munthu sapereka chinthu m'mawa n'kudzachilanda madzulo. Ndi anthu ochepa amene anamva mawu onse, koma msewu wonse unamva phokoso.

Chimene anthu sankadziwa n'choti sindinakhale ndi thupi lonse. Ndine munthu wathupi, ndipo chitseko cha chibokosicho n'chopyapyala. Ndinkaopa kuphwanya chipeso changa chimodzi chija. Kulemera konse kunali m'miyendo, ngati munthu wonyonyomala. Ntchafu zinayamba kunjenjemera, thukuta likutsika kumsana, koma nkhope ndinaiumitsa.

Pageti transipota analiza hutala. Analizanso. Anakuwa kuti ali ndi katundu wina woti akatenge ku Alrode dzuwa lisanalowe, ndipo sadikira milandu ya pabanja.

Alamu anabweza foni m'thumba. Kenako analowa, anadutsa pambali panga osandikhudza, ananyamula sikirini, kiyibodi ndi masipika. Pa zinthu zonsezo sindikanakhalapo, thupi ndi limodzi.

"Mayi akaona izi adzati ndi kompyuta," anatero. "Inu khalani ndi chigoba chanucho. Koma mukadzavutika kuno musadzandiimbire."

"Yendani bwino, alamu. Mukapereke moni."

Sindinadzuke mpaka ndinamva lole ikukhota pakona. Pamene ndimati ndiimirire miyendo inakana, anachita kundidzutsa amayi awiri. Pachitseko cha chibokosicho panali patalowa pang'ono.

Anthu atabalalika ndinatsala m'chipinda chopanda kanthu, mphasa, mapoto, ketulo ndi chibokosi. Ndinalowetsa chingwe n'kudina batani. Poonera panalibe, ndinangotchera khutu. Inalira kamodzi, kwakufupi.

Wokonza uja atamva nkhaniyi anati m'zaka zake zonse sanamvepo kompyuta yotetezedwa mwa njira imeneyo. Anatumiza sikirini yakale yokhala ndi mzere wofiira pakati, ndi kiyibodi yosowa mabatani awiri. Eda yotsalayo ndinamalizira pamphasa, kompyuta ili pa kreti. Alamu sanaimbenso. Pa Idi tinakumana kumzikiti, anayang'ana kumbali. Apongozi anga kumudzi anauzidwa zoona ndi anthu ena, ndipo mpaka pano foni yanga sayankha. Zimandiwawa, sindibisa. Koma basi ija sindinakwere, ndipo mwana wanga sanasiye sukulu.

Masiku ano ndili ndi tebulo laling'ono pafupi ndi chitseko. Ndikaswali m'mawa ndimasesa, ndimayatsa kompyuta, n'kutsegula chitseko kuti odutsa andione. Loweruka ndimakwera tekisi kupita m'tauni kukatenga nyimbo ndi mafilimu atsopano. Masiku enawo ndimakhala pamenepo, kuikira anthu zimene akufuna.